Phiko Likathyoka pa Chinakanaka

Kumaiko kwa azungu mbalame yakutchire ikathyoka phiko, anthu amaimba foni, galimoto n'kubwera kudzaitenga. Pa Chinakanaka funso loyamba limakhala lakuti tomato alipo m'nyumbamo kapena atumidwe mwana kumsika. Komabe masiku ano kwabuka kagulu ka anthu achifundo, ena aphunzitsi, ena ana a m'makalabu a zachilengedwe, amene akumayesa kuchiritsa mbalame zoterezi. Akuona zakuda.

*

Mnyamata wina wa sitandade 5 adafika kwa alangizi a ziweto atafumbata njiwa, phiko lili lende. Alangiziwa adaphunzira ku Mikolongwe ndipo ntchito yawo amaidziwa: kudonthezera nkhuku katemera wa chitopa m'diso, kufula atonde, kubaya agalu katemera wa chiwewe. Njiwa inali isanalowepo m'kaundula mwawo.

"Yatani njiwayi, mphwanga?"

"Yagwa mumtengo, ankolo."

Alangizi adayang'ana legeni imene inali m'khosi mwa mnyamatayo. "Yagwa yokha?"

"Mwala unangoithandizako pang'ono."

"Nanga poti waigenda wekha, kuno wabwera nayo kudzatani?"

"Ndaigwira pachidali, ndi mafupa okhaokha. Muichiritse kaye inenepe. Ndidzaigendanso mwezi wamawa."

*

Malangizo a akatswiri kwa amene watola mbalame yovulala ndi osavuta. Aiphimbe ndi kansalu, aiike m'katoni yoboola timabowo, katoniyo aisiye pamdima, pachete, kutali ndi ana, amphaka ndi wailesi. Asaidyetse, asaithire madzi kukamwa. Khomo la mpweya la mbalame lili kuseri kwa lilime kwenikweniko, ndiye madzi othira mokakamiza amalowera kumapapo, mbalame imene idabwera ndi vuto la phiko n'kufa ndi madzi. Zina zimangofa ndi mantha chifukwa chogwiridwagwiridwa.

Mphunzitsi wina adafotokozera anganga ake zonsezi, n'kusiya katoni ya pumbwa kuseri kwa chitseko, iye ulendo kuntchito. Pobwerako adapeza katoni ili pakhonde, yotsekula, pumbwa atafunditsidwa kansalu ka chitenje, pambali pali phala ndi tiyi wamkaka.

"Anganga, ndinati musamupatse kanthu!"

"Iwe, kuno ndi ku Mulanje. Tiyi timalima tokha, ndiye mlendo agone osamwa tiyi? Wodwala kumutsekera mumdima, osadya, osamwa, osamuzonda, chipatala chimenecho ndi cha kuti? Imeneyo ndi rimandi."

Mwamwayi pumbwayo sadathyoke paliponse. Adangoomba galasi la zenera n'kuchita chizungulire, ndipo atapuma adauluka. Mpaka lero anganga amauza aliyense wobwera pakhomopo kuti udali tiyi.

*

Chakuseri kwa msika kuli mkulu wina womanga mafupa, amene odwala ake ambiri ndi anyamata a kabaza. Tsiku lina ana adamubweretsera khwangwala. Mkuluyo sadafunse zambiri. Adadula timitengo tiwiri ta nsungwi, n'kumanga phikolo ndi mphira wa chubu cha njinga monga amachitira ndi mwendo wa munthu. Khwangwala ataimirira adagwera mbali ya nsungwi. Adamuimikanso, adagwanso. Mkuluyo adakanda mutu, kenaka n'kumanga nsungwi zina kuphiko labwinobwinolo kuti katundu alingane.

Mafupa a mbalame ndi opepuka, ambiri ndi amphako. Likathyoka fupa la chakunsonga kwa phiko, dokotala wa zinyama amapinda phikolo mmene limakhalira mbalame ikatera, n'kulikulunga ndi bandeji wopepuka mopingasa, kulemba nambala 8. Likathyoka fupa lalikulu loyandikana ndi thupi, nthawi zambiri pamafunika opareshoni yolowetsa kachitsulo mkati mwa fupalo. Ubwino wake, fupa la mbalame limagwirana msanga, masabata atatu kapena anayi. Bandeji akakhalitsa kuposa pamenepo mfundo zimauma, phiko osatambasukanso.

Mnyamata wina wa kabaza, mwendo uli m'chikhakha, adamva za masabata atatuwo n'kupsa mtima.

"Ine andiuza masabata asanu ndi limodzi, pamene mwini njinga akufuna yake tsiku ndi tsiku. Khwangwala akuthamangira kuti? Ali ndi ngongole ya ndani?"

"Yanga," adayankha mayi wogulitsa zitumbuwa. "Zitumbuwa zisanu ndi sopo wa mwana. Achire msanga tidzakambirane."

*

Mlandu umene udafika mpaka kwa amfumu ndi wa kadzidzi. Mphepo itasasula malata a tchalitchi china, m'mawa anthu adapeza kadzidzi wa nkhope yoyera uja ali pansi, phiko likukwekwerezeka. Mudzi wonse udabwera, koma aliyense adaima patali. Akulu ampingo adati zoterezi n'za amfumu. Amfumu adati poti wagwera m'tchalitchi, n'za mpingo. Mayi wina adanong'ona, mokweza ndithu, kuti apongozi ake dzulo lomwelo ankadandaula phewa lakumanzere, ndipo phiko lothyokalo ndi lakumanzerenso. Anthu awiri adatumidwa kukasuzumira. Adawapeza apongoziwo akusenda nandolo ndi manja onse awiri, ndipo ena m'gulumo adaoneka okhumudwa.

Alangizi a zaulimi adayesa kumuikira kumbuyo kadzidzi. Adati mbalame imeneyi ndi mlonda waulere wa chimanga, chifukwa usiku uliwonse imagwira makoswe ndi mbewa, ndipo ikakhala ndi ana imagwira zochuluka.

"Za makoswe ndamva," adatero mkulu wina. "Koma mbewazo anapempha kwa yani? Ndiye kuti ndi mfiti, ndi wakubanso ndiwo."

Pomaliza adadzipereka mnyamata wina wa kwaya. Iye adali atamva kuti ku Lilongwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kuli Lilongwe Wildlife Centre, kumene amalandira nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye, anyani, ngaka, mbalame zomwe, n'kuzibwezera kutchire zikachira. Adamvanso kuti kusunga nyama yotetezedwa pakhomo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ndi kuti lamulo lake lidakhwimitsidwa mu 2017 mpaka kufika zaka 30 kundende. Zaka 30 zimenezo n'za milandu ikuluikulu monga ya minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, koma mnyamatayo sadafune kukamva kusiyana kwake ali m'khoti.

"Ndikamusunga andimanga, ndikamutaya abusa andilalika, ndikamunyamula mudzi unditcha mfiti. Bola ufitiwo, poti lamulo la za ufiti la 1911 limamanga wonenayo."

Adamuphimba ndi jekete, kusamala zikhadabo, n'kumuika m'katoni ya sopo. Pasiteji kondakitala adafunsa: "M'katonimo muli chiyani, achimwene?"

"Nkhuku."

Minibasi isanapite patali, katoni idayamba kufwenthera ndi kuliza mkonono, monga amachitira kadzidzi wamtunduwu akaopsezedwa.

"Nkhuku yanji yoliza mkonono masana?"

"Ya mikolongwe. Ili ndi chimfine."

Mayi amene adakhala pafupi adaika diso pakabowo. Mkatimo diso lina lidamuyang'ananso. Mfuu imene adakuwa mayiyo idaimitsa minibasi popanda dalaivala kuponda buleki. Anthu adatsika, ena kudzera pazenera. Mnyamata wa kwaya adakafika ku Limbe atatambalala pampando wa anthu anayi, chinthu chimene sichidamuchitikirepo chibadwire. Kondakitala adakana ndalama, n'kumupatsa chenji.

Kuchokera ku Limbe kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndiye amene angafune kutengera chitsanzo ayambe waimbira foni a nyama zakutchirewo. Mwina angamuuze njira yosavutitsa mbalame ndi anthu apaulendo.

*

Mlamu wanga amakhulupirira kuti palibe nthenda imene ingapirire mapiritsi a pagolosale. Nkhuku ikaodzera, kapisozi. Mbuzi ikatsokomola, panado. Ana atatola kamtema wovulala, iye adapisa m'thumba n'kutulutsa diclofenac wake wa msana.

Ndidamuuza za ku India. M'zaka za m'ma 1990 alimi kumeneko ankabaya ng'ombe zodwala mankhwala omwewa. Ng'ombe ikafa, miimba imene idadya mtembo wake impso zinkaleka kugwira ntchito. Pa mitundu ina ya miimba, yoposa 95 pa 100 iliyonse idatha, mpaka boma la India lidaletsa diclofenac pa ziweto mu 2006. Madokotala akafuna kupha ululu m'mbalame amagwiritsa ntchito mankhwala ena monga meloxicam, atayeza kaye kulemera kwa mbalameyo pasikelo.

Mlamu adakhala chete, maso ali pa mapiritsi.

"Muimba womwe uja, wodya galu woola osatsegula m'mimba, anafa ndi kapiritsi aka?"

"Komweko, alamu."

Adatembenuka n'kumuyang'ana kamtema nthawi yaitali. "Ameneyu wanditolera anapiye asanu chaka chino. Mupatseni awiri."

Mapiritsiwo ndidamulanda.

*

Si mbalame iliyonse yokwekwereza phiko imene yathyoka. Zina zoikira mazira pansi, monga lumbe, zikaona mdani akuyandikira chisa zimanamizira kuvulala, n'kumadzikoka pansi kuti mdaniyo azilondole, atalikire mazirawo.

Mkamwini wina adatumidwa ndi apongozi ake kukasosa munda. Atangogunda khasu kawiri, adaona lumbe akugubuduka patsogolo pake. Adaponya khasu pansi, mumtima akuti lero apongozi adziwa kuti mwana wawo sadakwatiwe ndi mlesi. Akati agwire, mbalame ija yasuntha pang'ono. Akati adumphire, yasunthanso. Adatuluka m'munda, kudutsa chinangwa cha eni, maso ali pambalame, mpaka adagwera m'dzenje loumbira njerwa. Lumbe adatambasula mapiko onse awiri n'kubwerera kumazira ake.

Kuchipatala anamwino adafunsa kuti mkono wathyoka bwanji.

"Ndimathamangitsa mbalame yothyoka phiko."

"Ili kuti mbalameyo?"

"Inauluka."

Apongozi, amene adamuperekeza, adangoti: "Lembani choncho, anamwino. Mbalame yapita ndi mapiko awiri, mkamwini wanga wabwera ndi limodzi, munda sunasosedwe."

*

Nthawi zina chothyoka sichikhala fupa koma nthenga zazitali zoulukira. Akatswiri amadula nthenga yothyokayo, n'kutenga ina yofanana nayo ya mbalame ya mtundu womwewo, n'kuzilumikiza ndi kamtengo kakang'ono ndi guluu mkati mwa mphako ya nthengayo. Mbalame imauluka ndi nthenga zobwereka mpaka zake zitamera. Luso limeneli ndi lakalekale, lidachokera kwa anthu osaka nyama ndi akabawi oweta.

Mayi wa saluni pamsikapo atamva adaomba m'manja. "Ndiye ndi ntchito yathu yomweyi! Kungoti kasitomala wawoyo akauluka osalipira, iwo amasangalala."

*

Funso lovuta pa zonsezi si lakuti fupa ligwirana kapena ayi. Nkhuku yopunduka phiko imakhala bwinobwino, chifukwa gaga amaipeza pakhomo. Mbalame yakutchire imadya ndi mapiko, imathawa ndi mapiko. Fupa likathyokera pamfundo, mfundoyo imauma ngakhale lichire. Likatulukira kunja n'kukhala masiku, chilonda chimalowa tizilombo, ndipo poti fupa lalikulu la phiko limalumikizana ndi timatumba ta mpweya, matenda amatha kufika mpaka kopumira. Zikatero madokotala ambiri amasankha kuigoneka ndi jakisoni kusiyana n'kuti ikhale moyo wonse m'khola ikunjenjemera pakadutsa munthu. Ine pamenepa ndili kumbali ya madokotala, ngakhale ana a kalabu ya zachilengedwe amandiyang'ana ngati Herode.

Zoterezi zidachitikira bakha wakutchire amene adaomba mawaya a magetsi pochokera kumadambo a Thuchila. Mtsikana wina wa sekondale adamutola, n'kumutchinjiriza tsiku lonse kwa amalume ake, amene kuyambira m'mawa ankangonola mpeni pamwala popanda chifukwa chodziwika. Madzulo kudadutsa dokotala wa zinyama wochokera ku Blantyre, amene adabwera kudzaona ng'ombe yamkaka pakhomo loyandikana nalo. Adaliunika phikolo, adalinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Mwachita bwino, achemwali, koma fupa lathyokera pamfundo ndipo latulukira kunja. Bakhayu sadzaulukanso, ndipo akumva ululu kwambiri. Chifundo chimene chatsala ndi kumupumitsa."

Mtsikanayo adayamba kulira. Amalume adadzuka pampando, nkhope ili ngwee.

"Adokotala, zaka zingati munakhala ku Bunda kuti mudziwe zimenezi? Ine ndinanena m'mawa, osalipiritsa. Amake mwana, tereka madzi!"

Dokotala adali atabaya kale jakisoni. Akutsuka m'manja adati: "Pepani, bambo. Mankhwala amenewa amatsalira m'nyama. Galu akadya akhoza kufa, munthunso akhoza kudwala kwambiri. Mukumbe dzenje lakuya mumukwirire."

Amalume adayang'ana bakha, adayang'ana madzi ali pamoto, adayang'ana tomato amene adali atadula kale.

"Ndiye mwati ndikumbenso manda?"

"Akuya ndithu, agalu asafukule."

"Chabwino. Koma poti ndi maliro, adokotala, chipepeso musiye."