Pamseu wa ku Bahurimu

Tafikani kuno, imani pambali panga pamseu wa ku Bahurimu, koma fumbi ndiye mulikonzekere. Mfumu Davide ikudutsa wapansi, yakwera Phiri la Azitona yopanda nsapato, itafunda kumutu. Ku Yerusalemu zavuta. Mwana wake Abisalomu, uja ankalawirira pachipata n'kumapsompsona aliyense wobwera ndi mlandu, walizitsa lipenga ku Hebroni kulengeza kuti mfumu tsopano ndi iye.

"Madala omwe aja amenewa?" akufunsa mayi wina, mtsuko uli pamutu.

"Omwewo, mayi. Ngakhale phungu wawo Ahitofele wawathawa, ali kwa mwana."

"Nanga asilikali achilendowa?"

"A ku Gati, alipo 600. Mtsogoleri wawo Itai wauzidwa kuti abwerere, wakanitsitsa."

Mayi aja agwira pakamwa. Wobwera dzulodzuloli akukakamira mfumu, eni mudzi ali ziii.

Abulu awiri mukuwaonawo abwera ndi Ziba, atasenza mikate 200, mphesa zouma ndi thumba la vinyo. Mkuluyu ndi dolo. Wanong'oneza mfumu kuti bwana wake Mefiboseti watsalira dala mumzinda kudikirira mpando wa agogo ake a Sauli, ndipo pompo wapatsidwa chuma chonse cha bwanayo.

Tsono kwezani maso paphiripo. Ndi Simei uyo, wa banja la Sauli, akuyenda molingana ndi gulu, akugenda miyala, kuwaza fumbi, kutukwana mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Abisai, msilikali wa mfumu, akupempha chilolezo choti akamdule mutu. Mfumu yati amusiye.

Ine Simei sandidabwitsa kwenikweni, chifukwa ukali wake ndi wa munthu amene waona kuti lero palibe womubwezera. Amene ndikuwayang'ana ndi enafe tayima m'mbalimu. Palibe watola mwala, palibenso wapatsa mfumu madzi. Aliyense akuwerenga malupanga chamumtima, kuti madzulo akadziwe dzina loti azilitchula mokweza.

Tidumphe masiku, titsetserekere ku Yorodano. Abisalomu waphedwa kunkhalango ya Efraimu, mfumu ikubwerera. Amene wathamangira kukaichingamira ndani? Simei yemwe uja, ali ndi anthu 1,000 a fuko la Benjamini, chafufumimba pansi, akupepesa. Ziba nayenso alipo, ana 15, antchito 20.

Kenako watulukira Mefiboseti, ndevu nyankhalala, zovala zosachapa chichokereni mfumu. Akuti Ziba anamunamizira, iye wolumala akanatsatira bwanji popanda bulu? Mfumu yatopa, yamudula pakamwa: iye ndi Ziba agawane minda.

"Ndiye wabodza ndani pamenepa?" mnyamata wina akukodola mnzake.

"Kaya, aise. Koma Ziba anachoka kwawo ndi mikate, akubwerera ndi theka la minda."