Munthu amene amalemera petulo akakwera

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pasanathe masiku petulo anachoka pa K1,746 n'kukafika pa K2,530 pa lita. Anthu anagwira tsaya. Mumzinda wonse wa Blantyre munthu mmodzi yekha ndi amene anatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera phindu, ndipo munthuyo ndi mlembi wa danga lino, mwini wake wa galimoto ya MGB yofiira ya 1969 imene yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yake ku Chilobwe chiitsitsireni pa lole.

Masamu ake ndi osavuta. MGB ikakhala bwino imayenda makilomita pafupifupi 10 pa lita. Ku Zomba kupita ndi kubwerera ndi makilomita ngati 130, ndiye kuti malita 13. Pa mtengo wakale, mkuluyu ankapulumutsa K22,698 Loweruka lililonse posapita ku Zomba. Pa mtengo watsopano anayamba kupulumutsa K32,890. Akuluakulu anamukwezera malipiro ndi K10,192 pa sabata, iye osalemba ngakhale kalata yopempha. Ndalama zonsezi amazilemba m'kabuku kamene kamagona m'thumba la ovolosi.

Aneba amaitcha galimotoyi chiphapha, ndipo alibe mlandu chifukwa mbiri yake saidziwa. MGB inkapangidwa ku Abingdon, pafupi ndi Oxford ku England, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980. Zinatuluka zoposa 500,000, zambiri n'kukathera ku America. Ndi ya mipando iwiri, denga lansalu lopinda, injini ya 1798cc. Ya mkuluyu ili ndi mabampala achitsulo onyezimira, osati akuda aja amene anabwera mu 1974 pofuna kukwaniritsa malamulo a ku America, ndipo nkhani ya mabampalayi amaifotokozera aliyense wofika pakhomo, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi. Mabatire ake amakhala awiri, a mavolti 6, obisika kuseri kwa mipando. Pakali pano pamalo pakepo pali nkhuku.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri. MGB ilibe chasisi chapadera ngati cha lole. Thupi lomwelo ndi limene limanyamula zonse, ndipo mphamvu yake yagona pa zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Zimenezi zikadyeka, galimoto imafwamphuka pakati, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Odziwa ntchito sayamba ndi kudula. Amayamba awotcherera zitsulo zopingasa pamalo a zitseko kuti thupi lisakhote, kenako ndiye n'kuchotsa zowolazo. Mkuluyu anatsata malangizo onse mpaka pa zopingasazo. Zitatero magetsi anathima, wowotcherera anapita kumaliro ku Ntcheu, ndipo pa zitsulozo mayi a kunyumba amayanikapo masokosi.

Njira yachidule ilipo. Kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage imapanga mathupi atsopano a MGB ndi zikombole zomwe zija za kufakitale yakale. Mkuluyu anaona mtengo wake wa mapaundi pa foni, anausintha kukhala makwacha, foni n'kuibweza m'thumba mwaulemu. Tsiku limenelo, posagula thupilo, anapulumutsa ndalama zoposa malipiro ake a chaka chonse, ndipo kabuku kanasowa malo a maziro.

Apa m'pamene mutu unamutseguka. Munthu wa msinkhu wake angamataye nthawi ndi kusapita ku Zomba, pafupi ponchi? Anasiya kusapita ku Zomba n'kuyamba kusapita ku Lilongwe. Ataona kuti geni ikuyenda, anayamba kusapita ku Karonga, makilomita pafupifupi 900 kupita kokha, malita 180 kupita ndi kubwerera, K455,400 pa ulendo umodzi pa mtengo wa K2,530 uja. Chaka chamawa akufuna ayambe kusapita ku Johannesburg, kungoti pasipoti yake inatha.

"Abambo, pa ndalama za ku Karonga zija tapatulaniponi ya ufa," anatero mayi a kunyumba tsiku lina. Iye anawatsimikizira kuti ndalamazo zilipo ndithu, zili m'kabuku, ndipo kuzitulutsa msanga n'kusokoneza chuma.

Musaganize kuti munthuyu sagwira ntchito. Zala zake ndi mboni. Mabawuti a MGB ndi a mainchi, pomwe masipanala odzaza m'mashopu a ku Limbe ndi a mamilimita, popeza dziko lino likuyendera Sienta, Vitz ndi Probox za ku Japan. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa bawuti wa theka la inchi. Imagwira bwinobwino kufikira munthu atayikapo mphamvu zake zonse, pamenepo imaterereka, bawuti n'kubulungira, khungu n'kutsala pa injini. Ana a pakhomopo aphunzira mawu atsopano ambiri Loweruka masana. Ukapita kwa ogulitsa masipeya n'kutchula MGB, amakufunsa ngati ndi ya ku China, ndipo sanalakwe kwenikweni, poti dzina la MG masiku ano lili m'manja mwa kampani ya SAIC ya ku Shanghai.

Yekhayo amene sanaseke ndi makaniko wachikulire wa ku Ndirande, wophunzira ntchito pa Land Rover ndi Morris nthawi ya Kamuzu. Madalawa anafika atanyamula kapayipi kamphira basi. MGB ili ndi makabuleta awiri a mtundu wa SU, amene ayenera kukoka mpweya mofanana kuti injini isatsimphine, ndipo akale ankawalinganiza ndi khutu: mbali ina ya payipi pakhutu, ina pakamwa pa kabuleta, kumvetsera uyu, kumvetsera uyo, mpaka kapumidwe kafanane. Njirayi ndi yoona, ngakhale ku England ankachita chomwecho, koma imafuna injini yolira. Madala anamvetsera woyamba, anamvetsera wachiwiri, n'kudzuka akusasa fumbi m'mawondo. "Bwana, onse awiri ali chete mofanana. Mungondipatsa ya minibasi."

Asanachoke anasiya uthenga wina. Ngakhale injiniyi italira mawa, petulo walero si amene inaleredwa naye. Inapangidwira petulo wa mtovu, umene unkateteza pokhalira mavavu, ndipo maiko a kum'mwera kwa Sahara anausiya petulo ameneyo pofika 2006. Kuti iziyenda mitunda italiitali, mutu wa injini uyenera kupita kwa akatswiri akauyike pokhalira mavavu polimba. Kuwonjezera apo, petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, fakitale ya ku Dwangwa itayamba ntchito, ndipo ethanol amawononga mapayipi akale amphira. Mkuluyu anathokoza, anatulutsa kabuku: mutu sanakonzetse, mapayipi sanagule, phindu lakweranso.

Nthabwalayi imaleka kukoma munthu ukaima pamsewu mbandakucha. Khamu limatsika wapansi kuchokera ku Chilobwe, Ndirande ndi Bangwe kulowera m'tauni, amayi ogwira ntchito m'nyumba za ena, amaganyu, ana a sukulu, chifukwa ya minibasi inakwera koma malipiro anakhala pomwepo. Nawonso akupulumutsa posakwera. Ena akupulumutsa posadya masana, ena posapita kuchipatala mpaka zitafika povuta. Amene amatiuza kuti timange malamba amanena zimenezo atangotsika m'galimoto imene thanki yake yadzazidwa ndi msonkho wa woyenda pansi yemweyo. Mlembiyu akhoza kusewera ndi masamu ake poti chimene chili pa njerwa ndi chidole. Koma kutenga kusowa kwa anthu n'kukulemba ngati chuma chikuchira ndi masamu a m'kabuku omwe aja, kusiyana kwake n'kwakuti enawa amawawerenga pa wailesi osaseka n'komwe.

Tsiku lina mnyamata wogula zitsulo zakutha anadutsa akufuula, sikelo ili paphewa, ndipo mayi a kunyumba anamuitana. MGB yathunthu imalemera pafupifupi tani imodzi, choncho mnyamatayo anayamba wamwetulira. Atagogoda m'munsi mwa chitseko, chala chinalowa. "Amayi, iyi mugulitse mvula isanagwe, makilo akuthothokera pansi," anatero. Mkuluyu anatuluka ndi kabuku kudzafotokoza kuti palibe munthu wanzeru amene angagulitse pa kilo galimoto yobweretsa K455,400 pa sabata. Mnyamatayo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa ngati nkhukuyo ikugulitsidwa. Pa nkhuku anamvana mtengo ndi mayi a kunyumba, ndipo ufa unagulidwa madzulo omwewo.