Ndinachotsa makatoni, mthiko n'kuusiya

Pa Linthipe pano anthu amanditchulabe kuti ahedi, ngakhale choko ndinachisiya kalekale. Dzinali lili ndi matenda ake: umazolowera kuti ukayankhula, ena onse azingolemba. N'chifukwa chake mzime wathu atapeza sikolashipu yokachita digiri yachiwiri ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, ndinadzisankha ndekha kukhala mkulu woyendetsa ulendo. Chonsecho ine kunja kwa dziko ndinangofika pa Ulongwe, ku Mozambique, ndipo ndinapita pa lole.

Ndinazungulira tredingi yonse kuuza anthu kuti mwana akupita kumene Dr. Hastings Kamuzu Banda anamalizira maphunziro a udokotala m'chaka cha 1941. Zoti mwanayo ali ndi mphumu kuyambira ali wakhanda, ndiponso kuti akavula magalasi satha kuwerenga chikwangwani cha minibasi yoima patsidya pa msewu, ndinaziona ngati nkhani zing'onozing'ono. Atandiuza kuti akuopa kuzizira, ndinaseka mpaka kutsokomola. Mwana wa ku Dedza, wokulira m'chisanu cha Juni m'munsi mwa phiri la Chongoni, angaope kuzizira kwa azungu? Zoti mpweya wozizira ndiwo umadzutsa mphumu ndinkazidziwa bwino, popeza ndine ndinkamuberekera kuchipatala usiku. Koma tsiku limenelo ndinkayankhula ngati ahedi, osati ngati bambo wake.

Iye anakonzeka mwadongosolo, ndisamunamizire. Anakajambulitsa chifuwa ku Lilongwe, chifukwa munthu wochokera ku Malawi sapatsidwa viza yokakhalitsa ku Britain asanaonetse kuti alibe TB. Panalinso ndalama ya zaumoyo imene amalipiriratu pamodzi ndi viza, yomwe kuyambira mu February 2024 ndi mapaundi 776 pachaka kwa wophunzira. Mwamwayi inatuluka m'thumba la sikolashipu. Ikanakhala ya m'thumba langa, bwenzi pano tikukamba zogulitsa munda. Kenako anapita kwa dokotala n'kubwerako ndi mankhwala okwanira miyezi itatu: zopopera zabuluu za salbutamol, zothandiza chifuwa chikabanika, zabulauni za beclomethasone, zopopera m'mawa ndi madzulo ngakhale ali bwinobwino, mapilitsi a prednisolone oti amwe zikafika povuta, ndi a cetirizine a chimfine choyetsemula. Dokotalayo analembanso kalata yofotokoza matenda, dzina la mankhwala alionse ndi kamwedwe kake. Zonsezi mwana anaziika m'chikwama cha m'manja, chokwera nacho m'ndege.

Chimene anandipempha ine chinali chimodzi: ndalama yodulitsira magalasi achiwiri, oti akhale apadera. Apa n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo umene ananditchulira unandiumitsa kukhosi. Ndinati zamwanaalirenji. Tsiku la msika ndinapita kwa mnyamata woyala magalasi pa chiguduli, pakati pa wogulitsa mabatire ndi wa mankhwala a makoswe. Amakhala ndi kachidutswa ka nyuzipepala koyesera. Ndinavala awiri atatu, ndinapeza amene zilembo zinaoneka zonenepa, ndinanenerera mtengo mpaka mnyamatayo anagonja. Madzulo ndinawapereka kwa mwana pamaso pa banja lonse, ndi kamalankhulidwe kapamwamba ka kusamala ndalama. Analandira ndi manja awiri, nathokoza. Mayi ake anangoyang'ana kudenga.

Usiku woti mawa anyamuka, onse atagona, ndinayamba ntchito yanga.

Sutikesi iliyonse inayenera kusapitirira makilogalamu 23. Ndinabwereka sikelo ya munthu wogula soya n'kuipachika pa mtanda wa khonde. M'masutikesi munali kale ufa woyera, usipa, mfutso, thelele louma, nsinjiro, chipande ndi mthiko waukulu wa mayi ake. Kachewere mwana anakaniratu masana, ati ndiwo zaziwisi salowa nazo chisawawa, ndipo ndinadandaula chifukwa wa chaka chimenecho anali wosiririka. Ndikweze sutikesi pa sikelo: yapitirira. Ndinyamule chikwama cha m'manja: nachonso cholemera. Munthu wanzeru akanachotsa ufa. Ine ndinatsegula chikwama cha m'manja, ndinatulutsa mankhwala onse, ndinavula zopopera m'makatoni mwake, mapilitsi ndinawathudzula m'mapaketi limodzilimodzi n'kuwathira m'kabotolo ka Vaseline kotsukatsuka bwino. A prednisolone ndi oyera, ang'onoang'ono. A cetirizine ndi oyera, ang'onoang'ono. Onse analowa m'kabotolo kamodzi. Ndinakwirira zonsezo m'sutikesi, pansi pa ufa, poti pamenepo sizingaphwanyike.

Nditakwezanso pa sikelo, muvi sunasunthe ngakhale pang'ono, moti ndinachotsamo nsapato zake zachisanu. Makatoni aja ndinakolezera mbaula m'mawa.

Panatsala kabuku ka kuchipatala, momwe munali kalata ya dokotala ija. Ndinalingalira kuti chikalata chofunika chotere sichingamayende m'mayiko a eni, chingatayike. Ndinachitsekera m'thiranki. Munalinso kapepala ka manambala okhala ndi timizere kutsogolo, pamwamba patalembedwa SPH, CYL ndi AXIS. Ndinati ndi lisiti, ndipo ndinakapinda n'kuikira chizindikiro m'buku langa la nyimbo.

Mayi ake anadzuka pakati pa ntchitoyo. "Ahedi, katundu wa mwana musiyeni." Akanditchula choncho m'nyumba mwanga ndimadziwa kuti si ulemu. Ndinayankha kuti munthu amene anayendetsa sukulu yathunthu sangalephere masutikesi awiri. Anabwerera kukagona.

M'mawa kunali piringupiringu: mapemphero, misozi, achibale ofuna kukwera nawo galimoto ya hayala mpaka ku bwalo la ndege la Kamuzu. Mwana sanatsegule chikwama. Anazindikira ali m'mwamba. Ndipo sutikesi ya ufa ija inatsalira kumene anasinthira ndege, n'kumupeza patapita masiku. Chimene chinamupulumutsa ndi kopopera kabuluu kakale, kotsala pang'ono kutha, kamene kanali m'thumba la jekete lomwe anagona atavala. Manja anga sanafikeko.

Ku Scotland munthu sudzuka n'kukaima pamzere pachipatala chachikulu monga tichitira pa Dedza. Umayamba walembetsa kwa dokotala wa m'dera lako, amene amamutcha GP, ndipo nthawi yokaonana naye amachita kukupatsa. Ku famase sangakupatse salbutamol popanda chikalata cha dokotala, ngakhale uwalirire. Ndi paracetamol yemwe, amene kuno timagula pa okala ngati Panado, m'sitolo amakhala m'timapaketi ta mapilitsi 16 ndipo sakugulitsa topitirira tiwiri. Sutikesi itafika, mwana anatenga kabotolo ka Vaseline kaja kupita nako ku famase kuti amusiyanitsire. Wa ku famaseyo anakatembenuza, anakayang'anitsitsa, n'kumupempha mwaulemu kuti akasiye pompo akatayidwe. Prednisolone si mankhwala omwa molota.

Foni inalira ndili kudimba.

"Ababa, kabuku kanga ka kuchipatala kali kuti?"

"Kali pabwino."

"Pabwino pake pati?"

"M'thiranki, pamodzi ndi setifiketi yako ya Sitandade 8."

Panadutsa kanthawi. Ndinayesa netiweki yathawa, koma ndinkamumva akupuma, ndipo kapumidweko ndinkakadziwa.

Dokotala wakeyo ankafuna kudziwa dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake, osati mtundu wa kabotolo. Ndinatsegula thiranki, ndinavala magalasi anga a pamsika, ndinayamba kuwerenga. Palibe chinatuluka. Ndinadzudzula kalembedwe ka madokotala, ndinati akanakhala ana anga a sukulu akanabwereza kalasi. Koma kalata ija inali yotayipa. Ndinadzudzula mdima wa m'nyumba n'kutuluka panja. Panja ndinadzudzula dzuwa. Mwana anati ndingojambula n'kutumiza pa WhatsApp. Ndinajambula, ndinayang'ana, chithunzi chili bwinobwino, ndinatumiza. Anayankha kuti sichikuoneka. Ndinatumiza china, china, chinanso. Pomaliza mdzukulu wanga wa Sitandade 5 analanda foni, anapukuta kagalasi ndi malaya, anajambula kamodzi, nkhani inatha.

Mankhwala anapatsidwa, ndipo sanalipire kanthu. Ku Scotland mankhwala olembedwa ndi dokotala akhala aulere kuyambira 2011, pamene ku England munthu amalipira mapaundi 9.90 pa mtundu uliwonse. Nditamva zimenezi ndinauza mayi ake kuti mwaona, zonse zayenda monga ndinakonzera.

Magalasi anadikira December. Nyengo imeneyo ku Edinburgh dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, ndipo madzi amaundana m'misewu. Mwana anaterereka pa masitepe, magalasi anatsogola, bondo linatsatira pamwamba pake. Anakwawira kuchipinda n'kutulutsa mphatso ya bambo ake. Anandiuza pambuyo pake kuti atawavala, khoma ndi chitseko zinasanduka chinthu chimodzi. Iye saona patali, ndipo magalasi ake ndi a manambala a mayinasi, amene amapangidwa motsatira diso lililonse palokha. Amene ndinagula ine ndi a pulasi, owerengera nkhalamba zimene maso atopa kuona pafupi. Ndinamuyesera magalasi ndi maso anga, a munthu wopuma pantchito.

Anafunsa za kapepala ka manambala kaja, kuti mwina angodulitsa ena msanga. Ndinati sindinakaone. Ndinakapeza Lamulungu m'tchalitchi, potsegula nyimbo yoyamba, ndipo sindinaimbe nawo bwino. Mwayi wake, kuyezetsa maso ku Scotland n'kwaulere kuyambira 2006. Anamuyeza mwatsopano, koma magalasiwo analipira yekha, ndalama yoposa imene ndinakana ija, ndipo podikira kuti apangidwe ankakhala kutsogolo kwenikweni m'kalasi, n'kumajambula bolodi pa foni kuti aziwerenga chapafupi.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza zokonza mbiri yanga. Ndinagula LA wa malungo ndi makapisozi a amoxicillin, ndinakulunga bwinobwino, n'kuyamba kufunafuna wopita ku Ulaya. Ndinapeza mwana wa mnzanga wina. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ahedi, usipa ndinyamula, koma mankhwala a munthu wina, opanda kalata, ayi. Akandifunsa pa bwalo la ndege ndidzati ndi a yani?" Mwana wanga naye anakana. Anati kumeneko kulibe udzudzu wa malungo, ndipo ngati thupi litatentha m'miyezi yoyambirira, chofunika ndi kuuza dokotala msanga kuti wachokera ku Malawi kuti amuyeze magazi, popeza malungo amatha kubisala m'thupi ndipo madokotala akumeneko sayamba aganiza za iwo. Pa katundu yense amene ndinalongedza, anayamikira mthiko wokha. Ufa ati umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa.

Kenako anatembenuza nkhani. "Ababa, zithunzi zija munkati zikuoneka bwino, munkaziona bwinodi?"

Ndinati inde. Mayi ake, amene anali chete miyezi yonseyi, anasendera pafupi ndi foni n'kuyamba kupereka umboni. Anati m'tchalitchi ndimagwira buku koma ndimaimba za pamtima. Anati usiku magalimoto a pa M1 akandiwalira ndimaima chilili mpaka adutse. Anati tsiku lina chakumadzulo ndinavula chipewa n'kupereka moni kwa thumba la makala loimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo nditaona kuti silikuyankha ndinadandaula za ulemu wa ana a masiku ano. Umboni womalizawu ndimautsutsabe. Thumbalo linali lalitali modabwitsa.

Anandipititsa ku Nkhoma. Kuchokera kuno si kutali: umalowera cha ku Lilongwe, n'kukhota pa Kamphata. Mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 1896, ndipo chipatala chake n'chotchuka pa za maso, moti pabwalo pake umapeza agogo ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena atatsogozedwa ndi adzukulu pa ndodo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulozera anthu njira yopita kumeneko. Anandikhazika pa mpando, ananditseka diso limodzi, n'kundionetsa chikwangwani cha chilembo E choyang'ana uku ndi uku. Ine, amene ndinaphunzitsa a e i o u kwa theka la anthu a pa Linthipe, ndinathera pa mzere wachiwiri. Wachitatu ndinayesa kulota. Namwino anati, "Agogo, musavutike, si mayeso."

Anapeza ng'ala m'maso onse awiri. Anandifotokozera kuti m'kati mwa diso muli kagalasi kachibadwa kamene kamachita chifunga munthu akamakula, ndipo magalasi a pamsika sangachotse chifungacho ngakhale utavala awiri mophatikiza, zomwe ndinali nditayesapo kale. Amachotsa kagalasi kakaleko n'kuikamo kapulasitiki, uli maso, diso lokha atalipha dzanzi. Anayamba ndi lamanja. Atamatula bandeji m'mawa mwake, chinthu choyamba kuona chinali jekete langa la Lamulungu, limene ndinkaliyesa lakuda bii. Ndi lobiriwira, ndipo pa phewa pali chigamba chimene mayi ake anasoka ndi ulusi wofiira, podziwa kuti mwini wake sadzaona.

Anandipatsa mankhwala odonthezera m'diso kangapo patsiku kwa milungu ingapo. Titafika kunyumba ndinati katoni yake ndi yongodzaza malo. Mayi ake anandilanda botolo, katoni ndi kabuku komwe. Amadontheza okha, nthawi amayang'ana okha, ndipo malipoti amapita ku Edinburgh osadzera kwa ine. Diso lamanzere likudikira tsiku lake, limene ndimachita kufunsa.

Sabata yatha kunabwera banja lina la kutsidya kwa mtsinje. Mnyamata wawo, amene amamwa mankhwala a khunyu tsiku ndi tsiku, wapeza malo pa sukulu ina ku India, ndipo anamva kuti ahedi ndi amene amadziwa zotumiza ana kunja. Ndinakonza kukhosi, ndinakhala bwino pa mpando, ndinayamba ndi mawu akuti choyamba. Mayi ake anatuluka ndi foni m'manja, mwana wathu ali kale pa layini, n'kuipereka kwa alendo.

"Ahedi," anatero, "takagulani shuga pa okala, alendo amwe tiyi."