Kugona pakati n'kuyambirira, koma pakati pa yani?

Mwezi wa July tinali pamaliro kumudzi, kufupi ndi mapiri a Dedza, kumene mphepo imalowa m'jekete ngati munthu wodzatenga ngongole yake. Amayi anali m'nyumba ya siwa ndi nyimbo zawo, ife amuna panja, pamphasa zoyalidwa mozungulira chitsa chamoto. Ine wa m'tauni, wozolowera matiresi, ndinakumbukira za makolo: kugona pakati n'kuyambirira. Anzanga akadali pankhani za fetereza, ine ndinali nditatambalala kale pamalo abwino, kumanzere msuweni wanga, kumanja pogona amalume. Mphepo ikabwera iyambe yadya iwowo. Fisi akabwera, chimodzimodzi.

Theche loyamba linandipeza pamsongolo cha m'ma 11 koloko. Ndinati ndi ngozi, pamaliro timapirirana. Lachiwiri linagwera pomwepo. Pofika lachisanu tulo tinali titabalalika, ndiye ndinayamba kuwerenga chamumtima: wani, thu, mpaka cha m'ma 30, kenako phaa! Kuwerenganso, phaa! Mwendo wa amalume, munthu wa zaka 67, unkasunga nthawi kuposa basi iliyonse imene ndinakwerapo. Mwini mwendo ali m'tulo tofa nato, nkhope ili phee ngati mkulu wa mpingo.

Kutacha, tikumwa tiyi, ndinawafunsa mwaulemu ngati usikuwo anali ndi mpira kwinakwake.

"Mphwanga," anatero, "miyendo iyi masana ndi yanga, usiku ndi ya eni. Ndikangoti ndigone, m'katumbamu mumayenda linthumbu. Si kuwawa, si dzanzi. Ndikadzuka n'kuyendayenda zimaleka, ndikagona zabweranso. Koma zoti ndimamenya anthu, zimenezo ndimangomva kwa awa."

"Awa" anali akazi awo, amene ankadutsa ndi ndowa. Anaitula kuti aseke bwino. "Ine ndinasamuka pamphasa imeneyo uyu wachitatuyu asanabadwe. Amati wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, koma mphezi yakeyo sinkamenya pamsongolo."

Apa m'pamene ndinazindikira. Malo apakati aja sindinawapeze chifukwa choyambirira. Mudzi wonse unandisiyira.

Chimene amalume amachitcha linthumbu chili ndi dzina m'mabuku a zachipatala, ndipo n'chakale. Dokotala wa ku England, Thomas Willis, anachifotokoza mu 1672, ndipo mu 1945 dokotala wa ku Sweden, Karl-Axel Ekbom, anachipatsa dzina lotanthauza miyendo yosakhazikika. Zizindikiro zake amalume anazitchula zonse osatsegula buku: chikakamizo chosuntha miyendo, chimene chimabwera ukakhala kapena ukagona, chimakula madzulo ndi usiku, n'kuchepa ukayenda. Ambiri mwa odwala, pafupifupi 8 mwa 10 alionse, amaponyanso timateche ali m'tulo, masekondi 20 mpaka 40 alionse. Kuwerenga kwanga kwa pamsongolo kuja kunali sayansi yeniyeni, kungoti yopanda malipiro.

Kumudzi kuli kale kufotokoza kwake. Paja amati afiti amasewera mpira ndi mutu wa munthu usiku, n'chifukwa chake ena amadzuka khosi likuwawa. Ngati pali mpira, payenera kukhalanso osewera, ndiye msuweni wanga anaganiza kuti amalume analembedwa timu osadziwa. Madokotala akuloza kwina: ku ayironi wochepa mu ubongo, ndi ku dopamine, mankhwala a m'thupi amene amathandiza kuwongolera kayendedwe ka minofu. N'chifukwa chake vutoli limakonda amayi oyembekezera, makamaka miyezi itatu yomaliza, anthu ochepa magazi, ndi odwala impso. Limayendanso m'magazi a pamtundu, nkhani imene sindinaikonde, poti amalume ndi mlongo wawo wa mayi anga, bere limodzi.

Mpaka apa ndinkaseka. Chinandiletsa kuseka ndi mtima, osati wanga, wa amalume.

Munthu akagona bwino, BP yake imatsika, kawirikawiri ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100. Ndiyo nthawi imene mtima umatula katundu n'kukhala pansi pang'ono. Tsono theche lililonse limabwera ndi kudzidzimuka kwa m'kati: mtima umathamanga, BP imakwera, kenako zimabwerera. Ofufuza a ku Montreal mu 2007 anayeza odwala ali m'tulo napeza kuti nambala yam'mwamba ija ya BP inkalumpha ndi 20 kapena kuposerapo pa theche. Tiyeni tiwerengere limodzi. Theche limodzi pa masekondi 30 ndi mateche 120 pa ola. Mwendo ukagwira ntchito maola atatu okha, ndi 360. Taganizani mlonda amene galu wa pakhomo amamuuwira bodza ka 360 usiku umodzi, iye n'kudzambatuka ndi chibonga ulendo uliwonse, kuyang'ana kuseri, osapeza wakuba, kukhala pansi, galu n'kuyambanso. Mawa lake chimodzimodzi. Zaka 20. Mlonda woteroyo sakalamba bwino, ndipo tsiku limene wakuba weniweni adzabwere adzamupeza atatheratu. Ine theche lililonse linkandisiyira kachipsera koti ndikaonetse kunyumba; mtima wa amalume unkalandira gawo lake mwakachetechete, wopanda woudandaulira.

Mu 2008 John Winkelman wa ku Harvard ndi anzake anaunika anthu oposa 3,000 a ku America, napeza kuti matenda a mtima anali ochuluka pafupifupi kawiri mwa amene anali ndi vuto la miyendoli. Akafukufuku ena a pambuyo pake sanapeze mgwirizano woterowo, ndipo akatswiri akadakangana ngati mwendo ndiwo umawononga mtima, kapena onse awiri amangolira maliro amodzi, monga shuga, impso ndi kusagona. Ine mkangano umenewo ndawasiyira eni ake. Chimene ndikudziwa n'chakuti kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Pamphasa yathu ija tinalipo asanu ndi mmodzi. Werengani nokha.

Pali china chondiseketsa. Ku Ulaya ndi ku America amati vutoli limagwira anthu 5 mpaka 10 pa 100 alionse. Koma ofufuza amene anayenda khomo ndi khomo kumpoto kwa Tanzania anafunsa anthu oposa 7,000 n'kupeza mmodzi yekha. Mmodzi! Mwina n'zoona kuti miyendo ya kuno ndi yaulemu, kapena khasu limaitopetsa mokwanira. Koma ine ndikukayika kuti anafunsa munthu wolakwika. Mukafunsa amalume ngati akudwala, ayankha kuti ali bwino, kaya inu. Funsani amene anagona pambali pawo. Mbiri ya matendawa siili m'buku la kuchipatala, ili pamisongolo ya akazi a eni ake, ndipo zambiri mwa mboni zimenezi zinasamukira pamphasa ina kalekale, n'kusiya mlandu wopanda woutsatira.

Chinandipweteka kwambiri ndi mankhwala amene amalume ankadzipatsa. Kuti tulo tibwere ankamwa Piriton wa pagolosale, osadziwa kuti mankhwala a chimfine ogonetsawo ali m'gulu la zimene zimautsa miyendo yotere. Pamwamba pake tiyi wakuda bii wa madzulo, ndipo tsiku la msika kabotolo koti "kaziziritse mitsempha". Kuthira palafini pamoto n'kumadabwa kuti denga lapsa bwanji.

Tisanabwerere ku tauni tinapita nawo kuchipatala. Namwino atawayeza BP anavula magalasi, napukuta, n'kuyezanso. Magazi nawo anapezeka ochepa. Anawapatsa mankhwala a BP ndi timapiritsi ta ayironi, tomwe tija amalandira amayi kusikelo, zimene amalume anazitenga ngati chipongwe mpaka titafika pamsewu. Apa ndichenjeze anzanga okonda kudzichiza: ayironi samwera mphekesera, wochuluka amawononga chiwindi ndi mtima womwewo. Yambani mwayezetsa. Alipo mankhwala ena a vutoli, monga gabapentin, koma amenewo ndi a dokotala.

Mu October kunagwanso maliro, mudzi woyandikana nawo. Ulendo uno ndinafika mochedwa dala, ndi cholinga chogona kumphepete, kufisi. Ndinapeza malo apakati ali chisiyire, ndipo amalume akundikodola.

"Mphwanga, bwera ugone apa. Anamwino aja anati ndikawauze ngati zasintha. Ine ndidziwa bwanji, poti ndimakhala ndili m'tulo? Iwe ndiwe wodziwa kuwerenga."

Ndinapita kukabwereka magambutsi kwa mmodzi wa adzukulu, ndinavala, ndinagona. Tambala woyamba polira ndinali nditafika pa 43.