Mukulirira Chidole, Agogo Anu Tili Pompano

Khalani pansi nonse, adzukulu inu. Mafoni ayang'ane pansi. Iwe wa zingwe m'makutu, zichotse. Lero woweruza ndine, ndipo apilo palibe.

Buku lija mwakhala mukulimbirana, Klara and the Sun, ndalimaliza, ngakhale magalasi angawa mwendo umodzi ndi womanga ndi ulusi. Analemba ndi Kazuo Ishiguro, wobadwira ku Nagasaki mu 1954 n'kukulira ku Britain, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2017. Bukulo linatuluka mu 2021. Zakazi ndazitchula dala, kuti mudziwe kuti wokuzengani mlanduyu wawerenga yekha, sakuyendera za m'maluwa.

Mlandu woyamba ndi wa tsankho. Klara ndi loboti yooneka ngati mtsikana, yoyendera mphamvu ya dzuwa, yogulitsidwa m'sitolo kuti izicheza ndi ana osungulumwa. Ataona kuti Josie, mwana amene anamugulira, akufooka ndi matenda, anapita kushedi ya a McBain, kumene ankaganiza kuti dzuwa limakagona, kukalipempha kuti limuchiritse. Analonjeza kuwononga chimakina chofuka utsi, mpaka analolera kutaya ena mwa madzi a m'mutu mwake kuti lonjezolo likwaniritsidwe. Pamenepo inu munagwedeza mitu, amvekere: "Izi ndiye nzeru zakuya!" Koma ine ndikangotchula kuti makolo athu ankathira nsembe ya ufa pakachisi popempha mvula, mumaseka mpaka kugwira nthiti. Chidole chikadandaulira dzuwa mukuti filosofi, akachita agogo anu mukuti chimidzi. Mlandu umenewu wakugwerani nonse.

Wachiwiri ndi wowerenga mozondotsa. Wina mwa inu ndinamumva akulumbira kuti posachedwapa makina azilowa m'malo mwa munthu aliyense. Kodi bukulo munalifika kumapeto? Mayi ake a Josie anali ataika kale mwana wina, Sal. Poopa maliro achiwiri, anagwirizana ndi a Capaldi kuti apange thupi lofanana ndi la Josie, kuti mwanayo akatsikira kuli chete, Klara alowemo n'kupitiriza moyo wake. Klara anayesetsa ndithu. Kayendedwe ka Josie kotsimphina kaja anakatengera, mawu akenso anawatengera. Komabe pomaliza anavomera yekha kuti sakanakwanitsa, chifukwa chomwe chinkachititsa kuti Josie akhale Josie chinali m'mitima ya anthu omukonda, kumene loboti singakafike n'kukopera. Bambo Ishiguro anadzaza masamba pafupifupi 300 kuti afike pomwe agogo anga, osadziwa ndi A yemwe, ankafika ndi mpweya umodzi: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Wachitatu ndiye waukulu, ndipo ndi wa misozi. Ndinakuonani mukufwenthera mutafika poti Josie wachira, wapita kukoleji, koma Klara wakasiyidwa pamalo otayirako zitsulo zakutha, osathanso kuyenda, akungosanja zomwe akukumbukira. Munati anthu ndi osayamika. Munanena zoona. Tsono tandiuzeni, anakuberekani kumbuyo ndi ndani usiku uja malungo atakugwirani, thupi lili moto, chipatala chili kutsidya kwa dambo? Nanga ndani amene masiku ano mumangomutumizira kachithunzi ka manja opemphera pa WhatsApp, n'kudziuza kuti mwamuzonda? Klara, pamtaya pomwepo, anaonanako ndi manejala wake wakale wa m'sitolo, n'kucheza naye. Ine wokuphikirani phala ndimamva kwa anthu a kutchalitchi kuti munali pamsika pompa dzulo.

Chigamulo nachi. Iwe umati undigulira makina ocheza nawo, ndalamazo ugule shuga ndi sopo, ubwere nazo wekha ndi miyendo yako. Makinawo sadya nsima, ndiye ndikaphika thelere langa azinyambita zala ndani? Enanu chindapusa chanu ndi Loweruka lathunthu pakhomo pano, kutong'ola chimanga uku mukumvera nkhani zanga, kuphatikizapo zomwe munazimva kale. Woyasamula awonjezera Lamulungu.

Zoti makina ali ndi mtima kapena ayi tidzakambirana, chifukwa nanenso ndili ndi mfundo zanga zokhwima. Koma mtsutso umenewo wololedwa kulankhulapo ndi yekhayo amene watsuka mbale.