Khosi Pasikelo

(M'mawa. Tambala akulira. Mpanda wa udzu ukuchita kwetche, kwetche.)

NACHISALE: Mbuzi ya yani ikugwedeza mpanda wangayi? Choka! Iii, kani ndinu make Chikondi? Mphira ya njinga m'mutu, mbali ina mwamanga pamtengo wanga!

NAMBEWE: Ndili pa mafizo, aneba. Mwandisokoneza, ndinali pa seveni.

NACHISALE: Mafizo pampanda wa eni ake?

NAMBEWE: Khosili landizunza kuyambira nthawi yokolola. Kuchipatala akuti ululu ukapitirira miyezi 3 ndiye kuti wakhazikika. Ndiye anandiyeza mphamvu.

NACHISALE: Anakudulani mutu n'kuuika pasikelo?

NAMBEWE: Mwano! Kachipangizo kake n'kokwana m'dzanja. Amakukhazika pampando, msana chilili, n'kukagwiriza pachipumi. "Kankhani, mayi!" Mutu osasuntha, iwe n'kumangokankha. Kenako kunkhongo, kenako m'mbali, paliponse katatu. Nambala imaoneka pakagalasi ngati sikelo ya mavenda a soya.

NACHISALE: Ndiye kakuberani kale.

NAMBEWE: Kunkhongo ndinayeserako, kumeneko minofu imakhala yamphamvu kwa aliyense. Koma kutsogolo, mayo! Mwana wa fiziyo uja anangoti, "Mwayamba kukankha kodi?"

NACHISALE: Bodza! Inu amene mumasenza chigubu cha malita 20 popanda nkhata, n'kutilanda mzere kumjigo?

NAMBEWE: Ndinamuuza zomwezo. Akuti makilo 20 amenewo amatsikira m'mafupa, mafupa 7 a m'khosi, ofanana nambala ndi a kadyansonga. Kukankha ndiye ntchito ya minofu, ndipo pomwe pakupweteka munthu umanyengerera. Akuti ku Finland anafufuza amayi 180 a m'maofesi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2003. Amene ankakoka mphira chonchi, chaka chitatha ululu unachepa kwambiri.

NACHISALE: Ku Finland ankakokera pampanda wa Nachisale?

NAMBEWE: Mwezi wamawa akandiyezanso, aone ngati nambala yakwera.

NACHISALE: Ikakwera, mpanda wanga udzakhala uli pansi.

NAMBEWE: Komanso inuyo, bwanji mukamaitanidwa mumatembenuka thupi lonse ngati ngolo?

NACHISALE: Ine? Ndinangogonera mbali imodzi.

NAMBEWE: Chaka chonse? Khosilo lauma ndi kusuzumira ndiwo za anzanu pampanda pomwepa.

NACHISALE: (motsitsa mawu) Kachipangizoko... kamabaya?

NAMBEWE: Ayi.

NACHISALE: Tabweretsani kuno mphirayo. Paja ndi chubu cha njinga ya bambo a kwathu chimene chinasowa Lachiwiri!

(Mphira ikuduka: thapu! Mpanda ukugwa. Nkhuku zikubalalika.)