Ulemu Upite kwa a Ndere

Pa phiri la Zomba aliyense wotchuka ali ndi malo ake. Amayi ake a Mfumukazi Elizabeth anafikako mu 1957, lero pali Queen's View. Haile Selassie wa ku Ethiopia anakwerako mu 1965, lero pali Emperor's View. Ngakhale mathithi a mumtsinje wa Mulunguzi ali ndi maina awo, ena Williams, ena Mandala. Koma eni malo enieni, amene akhala pamiyala imeneyi chikhalire mafumu onsewa asanabadwe, palibe ndi chikwangwani chomwe chowatchula. Ndikunena a Ndere. Lero ndati ndiwapatse ulemu wawo, msana wanga ukadawawa.

A Ndere ndi ofatsa. Alibe mizu yeniyeni, sachita maluwa, sabala chipatso, sanaimepo pamzere wa feteleza wa makuponi. Chawo ndi mthunzi, madzi owazika ndi mwala, basi. Mathithi amachita phokoso tsiku lonse ngati wandale pamsonkhano, iwo ali phee pambali, biriwiri, kudikira mlendo.

Mlendo amene amamukonda koposa ndi ife ojambula zithunzi, ndipo chifukwa chake chilipo. Chithunzi cha mathithi chimene anthu amachigomera, chija madzi amaoneka mbee ngati mkaka wotsanulidwa, sichibwera pongodina. Kamera imafunika isiye diso lake chitsegulire kwa theka la sekondi kapena sekondi yathunthu, kuti madzi oyenda asalale pamene miyala ili chiimire. Nthawi yonseyo isagwedere ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake timasenza chitsulo cha miyendo itatu chija mpaka kuphiri. Dzuwa likaswa mtengo madzi amangoyera osaoneka kanthu, choncho timasankha kukachita mitambo kapena m'mamawa, nthawi imene miyala yonse ili chinyowere. Ndipo malo abwino oimapo sakhala m'mbali mwa njira ayi. Amakhala pakati pa mtsinje, pamwala wobiriwira uja, poti kubiriwirako ndiko kumakometsa chithunzi. Mwaziona nzeru za a Ndere? Nyambo ndi iwo, msampha ndi iwo omwe. Walira mvula walira matope.

Ine anandilandira pa Williams, Loweruka lina chifunga chitangoyamba kuyera. Ndinali nditavala nsapato zatsopano zogula pa kaunjika, zija amati zokwerera mapiri. Mnyamata wina wogulitsa masitiroberi anaima kumtunda ndi mbale yake kumanja.

“Bambo, pamenepo pamaterera. Pondani pakuda pouma apo.”

“Usadandaule mphwanga, ntchito imeneyi ndinaiyamba iwe usanabadwe.”

Ndinaimika miyendo itatu ija, ndinapukuta galasi, ndinawerama kuti ndione bwino. Kenako ndinafuna kusuntha phazi limodzi lokha, osati patali, mwina ngati kutalika kwa chikhatho. Chimene ndinaona pambuyo pake ndi nsonga za mitengo ndi mitambo. Ndinagwa chagada, khu! Kamera ili m'mwamba m'dzanja ngati ndikuionetsa kwa Mulungu, foni yochokera m'thumba la malaya ili chubwi m'dziwe. Mnyamata uja sanaseke, analeredwa bwino. Anangoti, “Pepani bambo,” n'kutembenukira kumbali mapewa ake akugwedezeka.

Ndikanena zoona, ndinali ndisanaonepo thambo la ku Zomba kukongola chotero. Anthu timapita kumathithi maso ali pamadzi pokha. A Ndere ndiwo amakumbutsa munthu kuti kumwamba kulinso zoona.

Chilungamo chawo ndiye musanene. Kuno kwathu pachipata amayamba ayang'ana galimoto asanayang'ane munthu, koma a Ndere safunsa kuti ndinu yani. Mzungu wa kamera ya mamiliyoni, abusa obwera ndi kwaya, mkwati ndi mkwatibwi odzajambulitsa, mwana wa sukulu wa foni yosweka galasi, onse amawakhazika pansi mofanana, ndipo onse amawadinda chidindo chimodzimodzi chobiriwira kumbuyo kwa thalauza kapena siketi, chimene sopo wamtanda amachita kuchipembedza. Sadziwa ziphuphu. Msonkho wawo salemba lisiti, koma sunaphonyepo: lero chivindikiro cha kamera, mawa patapata mmodzi, mkuja foni. Akanakhala kuti amalemba anthu ntchito motengera khama, bwenzi a Ndere ali ndi ofesi ku Msonkho House.

Amaphunzitsanso mwambo. Munthu amene ku tauni sagwadira ngakhale apongozi, mukamuona ku Dziwe la Nkhalamba, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, akuyenda chokwawa, manja ndi miyendo, mutu pansi. Ku Manchewe, pafupi ndi Livingstonia, kumene madzi amagwa mamita 125, ngakhale wamatama amasiya kulongolola akaona mwala wonyowa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Ndere amaphunzitsa phunziro lomweli m'sekondi imodzi, kwaulere, osalibwereza.

Chondiwawa n'chakuti pa Facebook ulemu wonse umapita kwina. Anthu amalemba kuti madzi akukongola, wojambula ndi katswiri, dziko lathu n'lodala. Palibe amati zikomo a Ndere, chonsecho mutawachotsa pachithunzipo pangatsale miyala yotuwa ngati ya pakwale.

Ndipo kuwachotsako tayamba kale. Amene wakwera phiri la Zomba zaka zino waona zitsa pamene panali mitengo, ndi mizere ya anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni ndi matabwa pamutu. Pamene mthunzi wachoka, dzuwa limafika pamwala, a Ndere amauma n'kusamuka mwakachetechete, osachita zionetsero. Pamalo oterowo munthu umayenda bwinobwino, sugwa, koma sutulutsanso kamera m'chikwama.

Choncho inu amene mukukonza ulendo wa kumathithi, mukawapeza a Ndere ali biriwiri pamwala, apatseni moni mwaulemu, foni muiike m'thumba lotseka, ndipo mwana wa masitiroberi akati pondani pouma, pondani pouma. Foni yanga ikadali m'dziwe pa Williams.